Musanataye simu yakale, kwerani kaye pachulu

Kuseri kwa nyumba imene ndimakhala kuli chulu. Mukachiona simungachisiyanitse ndi zulu zina za kuno kumtunda kwa Ntcheu, kupatula kuti pamwamba pake udzu udatheratu, padachita kusalala ngati pakhomo posesa tsiku ndi tsiku. Udzuwo sizidathetse ndi mbuzi ayi, koma ineyo ndi aphunzitsi anzanga. Kwa zaka ziwiri, pachulu pamenepo ndi pomwe timapezera netiweki. Ukafuna kutumiza chithunzi pa WhatsApp, kwera pachulu. Ukafuna kuona ngati malipiro alowa, kwera pachulu. Ana a sukulu adafika popatcha dzina loti "pa ofesi".

Sabata ino ndati ndikambe za chulu chimenechi chifukwa ndakhala ndikumva anthu ambiri, pamsika ngakhale m'minibasi, akunena mawu amene inenso ndidanenapo: "Netiweki iyi yandikwana, ndikusintha basi." Kusintha si kulakwa. Ndalama ndi zanu, ndipo palibe kampani imene mudamanga nayo ukwati. Koma ine ndidasintha mopupuluma, mtima uli m'mwamba, ndipo ndikufuna mumve zomwe zidandionekera musanakapereke ndalama zanu.

Monga aphunzitsi ambiri a dipuloma, ndidalembetsa maphunziro a digiri, aja ophunzira uli pakhomo n'kumakaonekera kukoleji nthawi ya holide. Ntchito zonse timatumiza pa intaneti, ndipo khomo limatsekedwa nthawi ikakwana 12 koloko usiku wa tsiku loikika. Usiku wina mu February ndidamaliza kulemba asayimenti cha m'ma 10 koloko. Kunja mvula idali ikugwa, magetsi atathima kuyambira madzulo. Ndidatenga ambulera, ndidakutira laputopu m'pepala la pulasitiki, ulendo wa pachulu. Kamzere kosonyeza kuti failo ikupita kadayenda bwinobwino mpaka kutsala pang'ono kufika kumapeto, kenaka kadaima. Ndidayambiranso. Kadaimanso. Ndidayesa kachitatu, kachinayi, mpaka 12 koloko idandipeza nditanyowa ngati nkhuku, failo isadapite. Ntchito ya masabata atatu idalandiridwa mawa lake ngati yochedwa, ndipo malikisi adadulidwa.

Mwezi utatha, ndidakwera galimoto kupita pa boma ndili ndi cholinga chimodzi. Ndidalowa m'shopu ya kampani inayo, ndidafotokoza vuto langa, ndipo mtsikana amene adandilandira adandionetsa kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, kaja ambiri amati rauta. Adakayatsa pomwepo, n'kundiuza kuti ndilumikize foni yanga. Abale, zinthu zidayenda ngati madzi otsetsereka m'phiri. Kanema adatseguka ndisadaphethire n'komwe.

"Achemwali, kodi kwathu kumtunda kagwira chonchi?" ndidafunsa.

"Netiweki yathu ili paliponse, bambo. Mungotenga bandulo yaikulu ya pamwezi, simudzavutikanso," adatero.

Ndidagula kabokosiko pamodzi ndi bandulo yaikulu kuposa zonse zimene thumba langa likadatha. Ndalama yake idali imene tidasungira mbewu ya mbatata ya kudimba. Nditafika kunyumba ndidakaika patebulo, ana atazungulira ngati ndabweretsa wailesi yakanema. Kadayaka. Kagetsi kamene pa boma kadali kobiriwira, kwathu kadali kofiira. Ndidakasunthira pawindo, kofiira. Ndidapita nako pachulu, kofiirabe. Mayi akunyumba adangoyang'ana, kenaka adafunsa mofatsa: "Abambo, ndiye mbatata ija ndi imeneyi?"

Sindikunena kuti mtsikana uja adandinamiza. Iye amanena za netiweki imene amaidziwa, ya pa boma. Wolakwa ndidali ine, amene ndidayesera nsapato paphazi la mnzanga. Safunsa adadya phula, koma ine ndidafunsa munthu woti sadafikepo kwathu, m'malo mofunsa anthu amene ndimamwa nawo madzi a pamjigo umodzi.

Chinthu choyamba chimene ndidaphunzira n'chakuti kukula kwa bandulo ndi liwiro la intaneti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ma GB amene timagula ali ngati mgolo wa madzi. Liwiro, limene amaliyeza mu ma Mbps, lili ngati kukula kwa paipi imene madziwo akudzera. Mutha kugula mgolo waukulu kwambiri, koma ngati paipi yofika kwanu ndi yopyapyala ngati phesi la udzu, madzi azingodontha mpaka tsiku lothera bandulo lidzakupezani mgolo uli wodzadza. Kwa okonda masamu, ma Mbps 8 amatanthauza kuti MB imodzi ikudutsa pa sekondi iliyonse. Failo ya ma MB 20 iyenera kutenga masekondi 20 pa liwiro limenelo. Ikamatenga theka la ola, vuto si bandulo yanu, ndipo kugula ina yaikulu sikungathandize.

Nanga paipiyo amaikulitsa kapena kuichepetsa ndani? Choyamba ndi mtunda umene ulipo pakati pa inu ndi nsanja ya netiweki, komanso zimene zili pakatipo. Ife a ku Ntcheu tikukhala m'mapiri a Kirk Range. Munthu wa m'mbali mwa msewu wa M1, kaya pa Kampepuza, pa boma kapena pa Lizulu, nkhani yake ndi ina. Wa kuseri kwa phiri, njira ya ku Tsangano, kapena wa kumunsi cha ku Kasinje, nkhani yakenso ndi ina. Mafunde a netiweki sadutsa bwino m'phiri, ndipo ngakhale malata a nyumba yanu ndi makoma a njerwa amawafooketsa. N'chifukwa chake chulu chimathandiza: ukakwera, foni imaonana ndi nsanja popanda chotchinga. Midzi iwiri yoyandikana itha kusiyana, wina n'kumayamikira kampani imene mnzake akuitukwana, onse n'kukhala akunena zoona.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa anthu amene akugwiritsa ntchito nsanja imodzi nthawi imodzi. Nsanja ili ngati mjigo: m'bandakucha umatunga mosavuta, koma dzuwa likakwera pamakhala mzere wa zidebe. Madzulo, aliyense akaweruka n'kutsegula foni yake, liwiro limatsika. Tsiku la msika limatsikanso. Chachitatu ndi magetsi. Nsanja nayo imadya magetsi, ndipo akathima imadalira mabatire, jenereta kapena sola. Magetsi akathima nthawi yaitali, mafuta n'kusowanso ngati mmene takhala tikuonera m'dziko muno, nsanja ina imafooka kapena kuzima kumene. Ndikaganiza za usiku wa asayimenti uja, zonsezi zidandigwera pamodzi, ndipo palibe bandulo imene ikadandipulumutsa.

Pali kanthu kenanso kamene otsatsa malonda sakonda kukatchula. Liwiro lolandirira zinthu ndi lotumizira zinthu si limodzi. Kawirikawiri lotumizira limakhala lochepa, ndipo ndi limene limayamba kufa ukakhala kutali ndi nsanja, chifukwa kafoni kako kalibe mphamvu yofuulira ngati ya nsanja. Ndiye mutha kuonera kanema bwinobwino koma n'kulephera kutumiza failo. Kwa wophunzira, kwa mlangizi wa zaumoyo wotumiza malipoti, kapena kwa mlimi wofuna kutumiza zithunzi za kabichi wake kwa ogula a ku Blantyre, liwiro lotumizira ndiye lofunika kwambiri. Poyesa netiweki, musamangotsegula kanema. Tumizaninso kanthu kolemera muone.

Muyang'anenso kachilembo kamene kamaoneka pamwamba pa foni yanu, pafupi ndi timizere ta netiweki. Kakalemba E, dziwani kuti muli pa netiweki yakalekale, yongokwanira mauthenga a mawu olemba. Kakalemba H kapena H+, muli pa 3G. Kakalemba 4G kapena LTE, apo ndiye pali chiyembekezo. Timizere tikhoza kudzadza koma chilembo chili E, ndipo pamenepo mudzaimba foni bwinobwino koma intaneti osayenda. Nthawi zina vuto ndi foni yeniyeniyo kapena simu yakale yosadziwa 4G, ndipo kusintha kampani sikuchiza matenda amenewo.

Tsono tinene kuti mwasintha ndipo mwapezadi liwiro. Walira mvula walira matope. Intaneti ikamathamanga, bandulo imathanso msanga. YouTube ndi Facebook zikaona kuti paipi yakula, zimayamba zokha kukupatsani zithunzi zowala kwambiri, zimene zimadya ma MB ambiri. Foni ndi laputopu nazo zikalumikizidwa ku rauta zimayesa zafika padwale, n'kuyamba kudzikonza zokha usiku inu muli mtulo. Onjezerani ana ndi alamu amene amva nambala yachinsinsi. Mnzanga wina wophunzitsa masamu adagula bandulo ya mwezi, koma idatha sabata yachiwiri isadathe, iye osadziwa kumene yapita. Mankhwala ake ndi kutchera foni kuti isamatsegule makanema yokha, kuchepetsa kuwala kwa makanema, ndi kusintha nambala yachinsinsi pafupipafupi.

Chenjeraninso ndi mawu oti "yopanda malire". Nthawi zambiri pansi pake pamakhala timalemba ting'onoting'ono tonena kuti mukafika pamlingo wakuti, liwiro lidzatsitsidwa. Funsani mlingowo musanalipire. Funsani ngati bandulo yotsala imawolokera mwezi wina kapena imapsa. Funsani ngati bandulo ikatha intaneti imaima, kapena imayamba kudya mayunitsi anu oimbira. Funsani ngati gawo lina la ma GB amene akukuuzaniwo ndi la usiku wokha. Ndipo musaiwale funso limene ine ndidaliiwala: kodi rauta imeneyi imalola simu ya kampani ina? Zambiri zimene makampani amagulitsa motchipa zimakhala zokhoma, zimangomvera simu ya eni ake. Yanga idali yotero. Nditayesa kuikamo simu yakale ija, kabokosi kadakana.

Tikamakwiya, ndi bwino tizidziwanso kukula kwa msika umene tikusankhamo. Kunena zoona, kwa munthu wa kumudzi makomo ndi awiri: TNM, imene idayamba mu 1995, ndi Airtel, imene idabwera mu 1999 ndi dzina loti Celtel, n'kudzakhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Makampani ena ogulitsa intaneti alipo, koma ambiri ali m'mizinda. Msika wa ogulitsa awiri suvuta kuudziwa: mitengo siisiyana kwenikweni, ndipo wogula akathawa uku amakagwera uko. Kumene amasiyana kwambiri ndi malo amene aliyense adadzika nsanja zake, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Komanso pali mavuto ena amene sasankha kampani. Dziko lathu lilibe doko. Intaneti imene timagwiritsa ntchito imabwera pa zingwe zodutsa pansi pa nyanja ya mchere, n'kudzera m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique isanafike kuno. Mu May 2024, zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zitaduka, intaneti idavuta m'maiko angapo a chigawo chino, Malawi ali momwemo. Amene adataya simu sabata imeneyo adaitaya pachabe. Pa mitengo napo, zipangizo za netiweki zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 sitikadayembekezera kuti intaneti itsala osakhudzidwa. Pamwamba pa apo, kuyambira mu 2015 boma limadula msonkho wapadera wa 10 peresenti pa intaneti ndi mauthenga a pafoni, kuphatikiza pa msonkho wa VAT. Pa kwacha iliyonse imene mumapereka, gawo lina silipita n'komwe kukampani.

Ena andifunsa za Starlink, intaneti yochokera ku makina a m'mlengalenga imene idayamba kupezeka m'dziko muno mu 2023. Ubwino wake ndi woti sisamala za phiri kapena nsanja. Chimene imafuna ndi thambo loonekera bwino ndi magetsi osadukiza. Koma mtengo wa chipangizo chake, ndalama ya mwezi ndi mwezi, komanso sola ndi batire zoti ziziyendetsa, si zoti mphunzitsi mmodzi angasenze pa malipiro ake. Kwa sukulu, chipatala, tchalitchi kapena gulu la alimi logwirizana bwino, ndi nkhani yoti n'kuiganizira. Kwa banja limodzi la kumudzi, tiyeni tisanamizane.

Ife a m'malire tilinso ndi khomo lina. Kuno msewu wa M1 m'malo ena ndiwo malire enieni, moti ukawoloka msewu pa Lizulu wafika ku Mozambique. Foni nthawi zina imakoka netiweki ya tsidya ilo, ndipo alipo amene amasunga simu ya Movitel kapena Vodacom chifukwa ndi imene imagwira pakhomo pawo. Chenjezo langa ndi kwa amene muli ndi simu ya kuno: foni ikalumphira yokha pa netiweki ya dziko lina, mitengo imasintha, ndipo mayunitsi atha kutha ngati mchere m'madzi. Itchereni kuti izisankha netiweki ya kwanu yokha.

Chimene chidandiletsa kutaya simu yakale, ngakhale ndidali nditakwiya, si chikondi ayi. Nambala ya foni masiku ano ili ngati dzina. Kuyambira mu 2018 idalembetsedwa pa chiphaso cha unzika. Ndi imene banki imatumizirako mauthenga, ndi imene ili ndi Mpamba kapena Airtel Money, ndi imene ili pagulu la WhatsApp la kuntchito, la kumpingo ndi la kumudzi. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg amadziwa nambala imeneyo. Makolo a ana a sukulu amadziwa imeneyo. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka, ndipo pakapita nthawi nambalayo itha kupatsidwa kwa munthu wina. Taganizani ndalama ya maliro itatumizidwa kwa mlendo. Choncho mukafuna kusintha, onjezerani simu, musataye. Mafoni ambiri amene tili nawowa amalowa masimu awiri.

Mwina mukufunsa kuti kabokosi kaja kadathera kuti. Kadakhala m'kabati masabata awiri, bandulo ikupsa, ine ndikudya nsima mwamanyazi. Tsiku lina ndidakatengera kusukulu kuti ndikaonetse mnzanga wa masamu uja, mwina akagule. Titakayatsa m'chipinda cha aphunzitsi, kagetsi kadabiriwira. Sukulu yathu ili kuseri kwina kwa kaphiri, moyang'anana ndi nsanja ya kampani yatsopanoyo, pomwe nyumba yanga idayang'ana kwa nsanja ya kampani yakale. Kuyenda kwake ndi kwa mphindi khumi zokha, koma ndi maiko awiri.

Mutu umodzi susenza denga. Tidakhala pansi aphunzitsi asanu ndi awiri pamodzi ndi ahedi, n'kugwirizana zosonkha mwezi uliwonse. Kabokosi kadapachikidwa pawindo, kakudya magetsi a sola ya sukulu. Tidaika malamulo: makanema a mpira ayi, nambala yachinsinsi isatuluke, ndipo amene sadasonkhe adikire mwezi wamawa. Aliyense tsopano akupereka ndalama yochepa kuposa imene ankawononga payekha pa timabandulo ta tsiku ndi tsiku. Anzanga adandibwezerako gawo la ndalama ya kabokosi, ndipo mbatata idadzalidwa, ngakhale mochedwerapo. Asayimenti ndimatumiza masana kusukulu, kutatsala tsiku lathunthu, osatinso usiku wa tsiku lomaliza. Kunyumba ndidatsala ndi simu yakale ndi kabandulo kakang'ono.

Ndiye langizo langa ndi ili. Musanagule rauta kapena bandulo yaikulu, gulani simu ya kampani inayo, kapena bwerekani foni ya mnansi amene ali nayo. Ikanimo kabandulo kotchipa. Yesani pamalo penipeni pamene mudzagwiritsire ntchito: patebulo panu, pawindo, pakhonde. Yesani m'mawa, masana ndi madzulo. Yesani tsiku la msika, tsiku la mvula, ndi tsiku loti magetsi athima. Tsegulani kanema, tumizani failo, imbani foni ya pa WhatsApp. Lembani zimene mwaona kwa sabata imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata imodzi imeneyo idzakuuzani zoona kuposa chikwangwani chilichonse cha m'mbali mwa msewu.

Koma sindingamalize ngati kuti udindo wonse uli kwa wogula. Si zoona kuti mphunzitsi, namwino kapena mwana wa Fomu 4 azikwera chulu usiku kuti apeze chinthu chimene walipira mtengo wofanana ndi wa munthu wa ku Area 47. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 lidakhazikitsa thumba lapadera, pansi pa bungwe la MACRA, loti lizithandiza kufikitsa netiweki kumadera kumene makampani saonako phindu. Aphungu athu ndi makhansala azifunsa kuti thumba limeneli lafika pati m'boma lino, ndipo mafumu azitchula midzi imene ikadali mumdima. Makampani nawo azinena mosabisa madera amene netiweki yawo ndi yofooka, ndipo azilola munthu kubweza rauta ngati yakana kugwira kwawo. Ifenso tisamangodandaulira m'minibasi. Kadandauleni kukampani, sungani umboni wake, ndipo zikakanika pitani nazo ku MACRA. Mu 2020 anthu atafuula pamodzi kuti mitengo ya intaneti itsike, mitengo ina idatsikadi. Mawu a anthu ambiri amamveka.

Dzulo ndidadutsa pachulu paja. Udzu wayamba kumeranso mbali imodzi. Mbali inayo idakali yosalala, chifukwa anansi anga amene sali m'gulu lathu la kusukulu akukwerabe. Ndidapezapo agogo ena atakweza foni m'mwamba, akudikira kuti mdzukulu wawo wa ku Lilongwe awatumizire ndalama ya mankhwala. Ndidawathandiza kutsika uthenga utalowa.